TIKAMBIRANE PA MKEKA: Mnyamata wa makala ndi nyumba za zithunzi

 

Ulendo uno ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwathu, ndipo achemwali anga andikhululukire poitulutsira pabwalo. Miyezi itatu yapitayo, titangotuluka mu mzikiti tsiku Lachisanu, alamu anga adandikokera pambali nati: "Alamu, mwana wanu uja watitopetsa. Khoma lonse la kukhitchini wadetsa ndi makala, makope a kusukulu m'malo molembamo masamu wadzaza mabwato okhaokha. Inu ndinu malume wake, mbumba ndi yanu. Kamuuzeni aleke zachibwanazi, apo ayi ndikam'pereka kwa anzanga akaphunzire kukoka chilimira." Mnyamatayo ali ndi zaka 15 ndipo ali mu Fomu 2.

Alamu sadandisankhe chifukwa cha umalume wokha ayi. Kumudzi kuno ndimadziwika kuti ndikapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndimataya tsiku lonse m'nyumba zoonetseramo zithunzi, n'kubwerako wopanda ngakhale paketi ya shuga. Iwo adaganiza kuti amene adadwalapo nthendayi ndiye angadziwe mankhwala ake.

Chizolowezichi chidandiyamba mwangozi. Tsiku lina mvula idandipeza mu mzinda wa Blantyre ndipo ndidathawira pa khonde la Mandala House, nyumba yakalekale ija idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Pansi pake ndidapezapo malo otchedwa La Caverna, pomwe amapachika ndi kugulitsa zithunzi za amisiri a m'dziko muno, pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi. Ndidaima pakhomo kwa nthawi yaitali osalowa, poganiza kuti malo otere ndi a azungu ndi anthu a mataye, ndiponso kuti ukangoponda mkati akulipiritsa. Koma kuona kunali kwaulere. Nditalimba mtima n'kulowa, maso anga adakodwa pa chithunzi chimodzi cha gombe m'bandakucha. Wojambulayo adaupeza mtundu weniweni wa nyanja pa nthawi imene dzuwa lisanatuluke, wotuwa uja wosati n'kuti ndi madzi kapena mtambo, umene aliyense wa ife adauonapo popita kukagula usipa. Ndidabadwira m'mbali mwa madzi amenewa, koma ndidachita kukawaona bwino pa khoma la nyumba ya ku Blantyre. Mvula idakata ine ndikadali chiimire.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulondola zionetsero, ndipo ndikuuzeni zoona, ntchito yake ndi yonga yosaka bowa. Zambiri zimachitikira m'mahotela, m'malo omwera khofi kapena m'maholo obwereka, zimakhala sabata imodzi kapena ziwiri basi n'kupasuka. Kale tinkadalira French Cultural Centre ya ku Blantyre, koma idatsekedwa mu 2011. Masiku ano uthenga umayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, kotero kuti munthu wa ku Makanjira akamamva, zithunzi zidatsitsidwa kale ndipo zina zili m'ndege.

Munthu ukayenda m'malo amenewa zaka zingapo umayamba kutopa ndi zinthu zina. Mlambe, dzuwa likulowa kuseri kwake, mayi atasenza mtsuko, mwana kumbuyo. Mawa lake pena, mlambe womwewo, mayi yemweyo, mtsuko womwewo. Sindikunyoza anyamata athu a ku Senga Bay, ku Chembe ndi ku Nkhata Bay amene amayala zithunzi zotere pa mchenga, pakuti njala siidziwa luso. Wogula wawo ndi mlendo wofuna kanthu koti akapinde, kalowe m'chikwama, akakaonetse kwao kuti adafika ku Africa. Tsono wojambula amajambula Africa amene mlendoyo adabwera naye kale m'mutu. Mbalame ndi nyama za mitundu yowala zija ambiri amakopera, gwero lake ndi ku Tanzania, kwa Edward Saidi Tingatinga, amene adayamba mu 1968 ku Dar es Salaam kujambula ndi penti wa njinga pa zidutswa za mabolodi, namwalira mu 1972. Iye adayamba chinthu chatsopano ndi zipangizo zimene adali nazo pafupi. Ife tikungobwereza chake patatha zaka zoposa 50. Za ziboliboli za m'mbali mwa msewu n'chimodzimodzi: phingo adachepa m'nkhalango, ndipo zina zakuda bii mukuzionazo ndi mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato.

Pali chinanso chimene chimandiwawa. Mnyamata wina wa pa gombe lathu adagulitsa zithunzi zisanu kwa bambo wina wa galimoto pa mtengo wosakwana ngakhale thumba la chimanga. Patapita miyezi ndidachipeza chimodzi mwa izo pa khoma la malo ena ogona alendo, chili mu fulemu yokongola, pa mtengo woti munthu n'kugula njinga, ndipo pakona pake padalembedwa dzina la munthu wina. Mwini wake sadalembepo dzina pogulitsa, chifukwa palibe adamuuzapo kuti dzina nalo ndi chuma.

Koma musaganize kuti dziko lino lili ndi ojambula milambe okhaokha. Ku Zomba, pa Chancellor College, imene tsopano ikutchedwa University of Malawi, pakhala pakuphunzitsidwa zaluso kwa zaka zambiri. Kumeneko ndi kumene adaphunzitsako malemu Kay Chiromo, amene adabadwa mu 1951 namwalira mu 1994, mmodzi wa akatswiri amene ojambula a lero amawatchula mwaulemu. Palinso Cuthy Mede, wakunyanja mnzathu pakuti adakulira pa chilumba cha Likoma, amene m'zaka za m'ma 1980 adatsegula Gallerie Africaine mu mzinda wa Lilongwe, pa nthawi imene zidali zachilendo kuti Mmalawi akhale ndi nyumba yakeyake yoonetseramo zithunzi. Iye adatchuka ndi kujambula ndi timadontho ting'onoting'ono tambirimbiri, toti ukayandikira umangoona ngati mapira omwazika, koma ukabwerera m'mbuyo mapazi atatu chithunzi chimatulukira chonse. Munthu wopanda chipiriro sangathe ntchito yotere.

Kufupi ndi kwathu kuno, ku Mua m'boma la Dedza, pongopatuka pang'ono pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuli Kungoni Centre imene adaiyambitsa mu 1976 wansembe wa Chikatolika wochokera ku Canada, Claude Boucher. Kumeneko aphunzitsa amisiri osema ambiri, ndipo nyumba yawo ya Chamare imasunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zambiri za kumeneko ndi za tchalitchi ndi za gule wamkulu, si za chikhulupiriro chathu, ndipo wopitako apite akudziwa zimenezo ndi kusunga ulemu wa mlendo. Ine chimene ndidatolako ndi funso: anzathuwa adaona kuti mwana waluso la m'manja ngofunika kum'mangira malo ophunzirira, nanga ife tidam'mangira chiyani?

Ena mwa ana a dziko lino adatchuka kunja kuposa kwao. Samson Kambalu, wobadwa mu 1975, adaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, nafika pokhala mphunzitsi wa zaluso pa yunivesite ya Oxford. Mu September 2022 ntchito yake yotchedwa Antelope idaimikidwa pa Trafalgar Square pakati pa mzinda wa London, ndipo idakhala pamenepo mpaka 2024. Adaitenga pa chithunzi cha mu 1914 chimene John Chilembwe adajambulitsa ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Pa chithunzipo Chilembwe adavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu adam'kuza Chilembwe pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo, chipewa chili pamutu, mu likulu la dziko lomwe lidatilamulira lija. Palinso mayi Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973, amene adakhazikika ku Johannesburg. Iwo sagwira burashi ayi, amadula zidutswa za nsalu ya silika n'kuzisoka ndi singano pamanja, kuonetsa moyo wa tsiku ndi tsiku wa mayi pakhomo pake, ndipo ntchito zawo zaonetsedwa ku Ulaya ndi ku America. Alongo anga osoka, mwamva? Chondimvetsa chisoni n'chakuti ntchito za awiriwa ine ndidangoziona pa foni, monga mmene ambiri a inu mungazionere.

Koma ntchito imene idandisintha maganizo kwambiri siidapachikidwe pa khoma, idachitikira pa mchenga wa nyanja yathu yomweyi. Mu 2017 gulu la amisiri ndi olemba, mmodzi mwa iwo Massa Lemu, lidayamba kugwirira ntchito pamodzi pa dzina loti Ozhopé. Amene mumayankhula Chiyao mwalimva kale dzinali: lidachokera ku mawu oti wosope, kutanthauza onse. Ntchito yawo yodziwika, yotchedwa Row, adaipanga ndi mabwato akale otayidwa pa gombe, aja ife timawadutsa tsiku ndi tsiku kapena kuwawaza nkhuni. Adawaimika, adawajambula, adachita nawo masewero pamodzi ndi anthu a m'midzi ya asodzi, pofuna kufunsa za mafuta amene makampani adapatsidwa ziphaso zowafufuza pansi pa nyanja kuyambira mu 2011. Mafutawo akadzatayikira m'madzi, msodzi wa bwato adzalowera kuti?

Nditamva koyamba ndidaseka. Bwato lobooka likhala bwanji luso? Koma tsiku lina ndidakhala pansi pa gombe kuyang'anitsitsa bwato lakale la malemu bambo anga aang'ono. Ndidawerenga zigamba zake. Apa padakhomedwa chitini cha mafuta ophikira, zilembo zake zikuonekabe. Apa padasungunulidwa chigubu cha pulasitiki. Apa phula, apa chidutswa cha lamba wa tayala, apa misomali itatu yosiyana misinkhu. Chigamba chilichonse ndidatha kukumbukira chaka chake: ichi n'cha chaka chimene mwera udaliponyera pa miyala, ichi n'cha chaka cha njala pamene padalibe ndalama yogulira mtengo wina. Mitengo ikuluikulu yosema bwato idatha m'mapiri mwathu, n'chifukwa chake munthu amagamba mpaka chigamba chichuluke kuposa mtengo. Mbiri yonse ya banja lathu ndi ya nkhalango zathu idalembedwa pa bwato limenelo, ndipo ine ndidakhala ndikulidutsa zaka 20 osaiwerenga. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri aja sadabweretse chinthu chachilendo pa gombe, adangotikhazika pansi kuti tione chathu chomwe.

Tsopano ndifike pa mfundo imene ndikudziwa kuti ambiri mwakhala mukuidikira, imenenso idali pansi pa mkwiyo wa alamu anga ngakhale sadaitchule poyamba. Kodi Msilamu n'kujambula zimayenderana? Ine si shehe, ndipo tsamba lino si malo ogamulira malamulo a chipembedzo. Chimene tonse tidaphunzitsidwa ku madrasa n'chakuti kusema kapena kujambula zamoyo, anthu ndi nyama, n'chinthu chimene chidachenjezedwa kwambiri, makamaka ziboliboli, pofuna kutseka khomo la kupembedza mafano. Pa zithunzi za pa pepala ndi za kamera maulama amasiyana maganizo, ndipo banja lililonse lifunse shehe amene limam'khulupirira. Ndikamakamba za ntchito ya Kambalu ndikukamba mbiri ya dziko lathu, sindikuuza munthu kuti akaimike chiboliboli m'nyumba mwake. Koma mitengo, mapiri, madzi, mitambo, nyumba, mabwato, maluwa, mizere yolukana ndi zilembo, pa zimenezi palibe mkangano. Ndipo bwalo limeneli ndi lalikulu zedi kuposa mmene timaganizira.

Asilamu akale adalilima bwalo limeneli mpaka dziko lonse lidadabwa. Ku Baghdad kudali Ibn Muqla, amene adamwalira mu 940, yemwe adakhazikitsa muyeso wa zilembo za Chiarabu poyeza chilembo chilichonse ndi kadontho kamene nsonga ya cholembera cha bango imasiya pa pepala. Kuchokera pamenepo kulemba kudasanduka luso loti munthu amaliphunzira zaka ndi zaka kwa mwalimu wake. M'nthawi yathu ino, ku Sudan kudabadwa Ibrahim El-Salahi mu 1930, mu mzinda wa Omdurman, mwana wa mwalimu wophunzitsa Qur'an. Iye adatenga zilembo zimene adaphunzira ali mwana n'kuzisandutsa maziko a zojambula zake, ndipo mu 2013 nyumba yaikulu ya Tate Modern ku London idaonetsa ntchito za moyo wake wonse. Zithunzi zake zambiri za ukalamba ndi za mtengo umodzi wotchedwa haraz. Mukudziwa kuti ndi mtengo wanji? Ndi nsangu, womwewu uli m'minda mwathu ku Salima ndi ku Mangochi, umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja anzake akubiriwira, n'kuphukira m'chilimwe anzake atauma. Munthu adafika ku London ndi nsangu, ife timangomangirirapo mbuzi.

Ndiponso tisamayankhule ngati luso n'lachilendo pakati pathu. Amene amasoka maluwa a ulusi pa zisoti za amuna, amayi amene amazira nyumba ndi dothi la mitundu itatu, oluka mikeka ya mizere, olemba maina pa mabwato a injini ndi pa magolosale, onsewa ndi amisiri. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe adapachikapo ntchito zawo pa khoma loyera n'kulembapo dzina ndi mtengo.

Tsono mnyamata uja ndidatani naye? Sindidam'dzudzule. Pa tchuthi ndidam'kweza minibasi, ulendo wa ku Blantyre, ndalama yake ndidachita kugulitsa nkhuku ziwiri. Njira yonse sadayankhule, poganiza kuti ndikukam'tula kwa achibale kuti akam'lange. Titalowa m'nyumba ya zithunzi adavula nsapato pakhomo ngati akulowa mu mzikiti, ndipo ndidachita kumuuza kuti azivale. Adayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kuopa kukhudza kanthu. Pa chithunzi china cha asodzi adaima nthawi yaitali, kenaka adandinong'oneza: "Amalume, amene adajambula apayu sadakwerepo bwato."

"Wadziwa bwanji?"

"Taonani mmene wagwirira nkhafi munthuyu. Atapalasa choncho bwato lingozungulira pamodzimodzi. Ndiponso akhala onse mbali imodzi, akadagubuduka kalekale."

Ndidayang'ana, ndipo zidali zoona. Chithunzicho chidali chokongola, mtengo wake woposa malipiro a mphunzitsi a mwezi wathunthu, koma mwana wa Fomu 2 adaona bodza lake pa mphindi imodzi. Wojambulayo adali ndi penti wabwino ndi dzanja lozolowera. Mwana wa achemwali anga ali ndi makala, koma nyanja akuidziwa. Penti amagula m'sitolo.

Pobwerera tidadzera kwa shehe wathu, ine, alamu ndi mnyamatayo. Shehe adatsegula makope aja tsamba ndi tsamba mosafulumira. Adamulangiza kuti asiye kujambula nkhope za anthu, alimbike pa mabwato, mitengo ndi madzi zimene adaona kuti ndi zomwe amazitha kwambiri. Kenaka adam'funsa ngati angathe kulemba zilembo za Chiarabu zikuluzikulu pa khoma la madrasa, pakuti zimene zidalipo zidafufutika ndi mvula ndipo ana aang'ono akuvutika kuziona. Ntchitoyo adaigwira Loweruka katatu. Alifu woyamba adapendama, adafufuta n'kuyambiranso kanayi konse, ndipo ndidamuuza za Ibn Muqla ndi timadontho take kuti asataye mtima. Mwini bwato wina ataona khomalo adamuitana kuti akalembe dzina pa bwato lake, nam'patsa ndalama imene adagulira makope awiri, lina la masamu, lina lopanda mizere.

Sindikunamizani kuti alamu anga agonja. Iwo akuti zithunzi sizidyedwa, ndipo poona mmene amavutikira anyamata a pa mchenga aja sindingawatsutse kwathunthu. Ojambula ambiri amene ndimawadziwa ali ndi ntchito ina yowadyetsa, ena ndi aphunzitsi, ena amalemba zikwangwani. Pangano lathu ndi ili: masamu akatsika pa mayeso a teremu ino, kope lopanda mizere lija ndilisunga ine mpaka akwere. Chilichonse chimene wajambula azilembapo dzina lake ndi chaka, ndipo asagulitse kanthu kwa munthu wa galimoto popanda ine kudziwa.

Kwa inu a makomiti a mizikiti ndi a madrasa ndili ndi pempho laling'ono. Pa Eid ikubwerayi, bwanji osamanga chingwe pa khonde la madrasa, ana n'kupachikapo zimene adalemba ndi kujambula, amayi n'kuyala mikeka ndi zisoti zawo, chilichonse chili ndi dzina la mwini wake? Sipafunika ndalama, koma chingwe ndi zopanira zovala. Amene muyesere mundilembere kudzera kwa mkonzi, Insha Allah ndidzabwera kudzaona ndi kulemba za inu m'kope lotsatira.

Sabata yatha ndidapita kukacheza kwa achemwali ndipo ndidapeza laimu amene alamu adagula kuti apake khoma la kukhitchini akadali m'thumba lake, osamasula. Nditafunsa, achemwali adati adawaletsa ndi iwo. Pakati pa mabwato a makala aja pali limodzi la chigamba cha chitini kutsogolo kwake, ndipo iwo adalizindikira kuti ndi la malemu bambo aang'ono, lomwe lidawawolotsa kupita ku chipatala usiku umene mnyamatayo adabadwa.